Malo osewerera ana aja pa Kasungu boma: ndapitako katatu dzinja lino, mvula imasintha zonse

Azimayi anzanga kuntchito komanso kumpingo akhala akundifunsa za malo osewerera ana aja ali kuseri kwa lodge ina pa Kasungu boma pompano, ena akuti tikufuna tikapangireko birthday ya mwana koma tikuopa mvula, ena akuti kodi ndalama yake ndi yoyenera, ndiye ndati bola ndilembe zonse pamodzi poti ine ndapitako katatu dzinja lomwe lino ndipo ulendo uliwonse kunja kunacha mosiyana. Dzina la malowa ndalisiya dala chifukwa ndinena zokoma ndi zowawa zomwe, komanso anthu ake ndi oti timakumana nawo mumsika, koma a pa boma mwawadziwa kale, ukapatuka pa M1 umayenda kamsewu kadothi pang'ono, pa njinga yamoto kuchokera ku depoti sipatha mphindi 10.

Zomwe zilipo ndi izi, jumping castle ziwiri, yaikulu ndi ina ya tiana tating'ono, trampoline imodzi, akatungwe, kotsetsereka, kadziwe kosambira ana kosazama, timagalimoto ta batire titatu, ndi chisakasa chachikulu chamalata momwe muli mipando, TV ya makatuni ndi mtsikana wopenta ana kumaso. Ife tinkalipira K5,000 pa mwana polowa, wamkulu salipira koma chakudya chochokera kunyumba salola. Ndili ndi ana atatu, wachisamba ali ndi zaka 11, wachiwiri 7, mzime 4, ndiye mukawerengera mukuona nokha kuti si ulendo wongodzukira.

Ulendo woyamba unali wa pa Khrisimasi. Kunacha bwinobwino, dzuwa likuswa mtengo, kutentha kuja kwa mu Disembala koti thukuta limangotuluka olo utakhala pamthunzi. Tinachokera kutchalitchi n'kukafika cha m'ma 11 koloko, ndipo pageti pokha tinaimapo mphindi 25 chifukwa wolandira ndalama anali mmodzi, ena akulipira pa Airtel Money ena pa Mpamba netiweki ikuvutavuta. Titalowa, abale, anthu anali ngati nyerere. Ndinaona anthu ochokera ku Mtunthama, ku Chamama, ena anabwera pa lole yonse kuchokera ku esiteti ina, ana atavala zatsopano aliyense. Pa jumping castle yaikulu amalowetsa ana 10 nthawi imodzi kwa mphindi 10, kenako wezulo, atuluke alowe ena. Ndiye ngati patsogolo pa mwana wako pali ana 40 ndiye kuti adikira mphindi 40 kuti akadumphe mphindi 10, ndipo ndi zomwe zinachitikadi, ndinkayang'ana pa foni. Timagalimoto ndiye musanene, kamodzi kanali pa chaji nthawi zonse, totsala tiwiri, mzere wake mzime wanga anaima mpaka kuyamba kulira ndi njala asanakwere. Kuyambira 11 mpaka 2 koloko ana anga anali atasewera zinthu ziwiri zokha basi, nthawi ina yonse inathera pamzere padzuwa.

Cha m'ma 2 koloko mbali ya kuphiri la Kasungu kunada bii, kenako kunabwera kamphepo kozizira kaja konunkhira dothi, timapepala ndi ma baluni kuyamba kuuluka. Mvula isanadonthe ndi dontho lomwe, mnyamata woyang'anira jumping castle analiza wezulo n'kutulutsa ana onse, mnzake anatulutsa a m'dziwe, n'kuzimitsa chimakina chopopa mpweya chija castle n'kuphwa. Pamenepo panabuka phokoso. Bambo wina amene mwana wake anali atangofika kutsogolo kwa mzere anakalipa kwambiri, akuti talipira ife, mvula sinayambe, mukutibera. Mnyamatayo anangoti, pepani bambo, kwagunda kale kawiri, sindingalole mwana akhale m'mwamba muja. Ine pamenepa ndili kumbali ya mnyamatayo ndi mtima wonse, ndipo ndi chifukwa chachikulu chomwe ndinabwererakonso kawiri. Dzinja lililonse timamva pa wailesi za anthu ophedwa ndi mphenzi, ena ali kumunda, ena ana ali pabwalo la mpira, ena atausa mvula pansi pa mtengo. Mphenzi sidikira kuti mvula iyambe kaye pomwe uli. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, ndiye ukaona kung'anima n'kuwerenga, masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi, ukamva kugunda usanafike pa 30 ndiye kuti ili mkati mwa makilomita 10 ndipo ikhoza kukupeza. Langizo lomwe akatswiri a zanyengo amapereka ndi loti udikirenso mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza usanatuluke. Mwana ali m'madzi kapena pa trampoline ya zitsulo pabwalo poyera nthawi ngati imeneyo, ayi ndithu.

Ndipo si mphenzi yokha, mphepo nayo ndi mdani wa jumping castle. Chinthu chija ndi chachikulu koma ndi mpweya wokhawokha, chimagwiridwa ndi zingwe ndi zikhomo zokhomera pansi. Ku UK malangizo ake amati isagwiritsidwe ntchito mphepo ikapitirira makilomita 38 pa ola, ndipo mphepo yotsogolera mvula yamkuntho kuno imatha kusasula denga la sukulu, nanga castle ingalimbe bwanji. Onjezerani kuti dothi likanyowa zikhomo zija zimazuka mosavuta. Ndiye mukaona akuphwetsa mvula isanagwe musawakalipire anyamatawa.

Mvula itayamba inagwa yeniyeni, ndipo apa ndi pomwe ndinaona kuti mawu aja anthu amanena oti kukagwa mvula mizere imatha ndi oona theka lokha. Mizere yapanja inathadi, koma anthu onse aja anakaunjikana m'chisakasa chimodzi, malo okhala anthu mwina 60 munadzaza khwimbi lonse, ana kulira, malata kusokosera osamvana, madzi akulowa cham'mbali poti mulibe zotchinga. Aliyense anakumbukira njala nthawi imodzi, mzere wa chipisi unasanduka wautali kuposa wa castle uja, ife tinaitanitsa 2:20 chakudya kubwera 3:30, chipisi chake chofewa poti ankachotsa pamoto chisanapse kuti athane ndi anthu. Mtsikana wopenta kumaso anazunguliridwa mpaka penti kumuthera. Magetsi anathima, anayatsa jenereta, koma chomwe chinandiwawa n'choti mphamvuyo anaipititsa ku zoimbira za ku bala ya lodge m'malo mwa TV ya ana, pomwe ana ndi amene analipira pageti. Akanangoyatsa makatuni theka la kulira kuja likanatha.

Mvulayo inagwa mphindi ngati 40 n'kukata. Apa anthu ambiri ananyamuka, a pa lole aja anathamangira kuopa kuti msewu wa kwawo ukhala utaterera kukada, a magalimoto ang'onoang'ono anaopa kutitimira pa kamsewu kotulukira, ena ana anali atanyowa akunjenjemera. Ife tinatsala chifukwa bambo a kunyumba anati tidikire matope achepe kaye. Anyamata aja anadikira ndithu kugunda kuthe, kenako anapopanso castle, kuipukuta ndi mopu ndi matawulo, kukhomanso zikhomo, 4 koloko itangopitirira anatsegula. Ana otsala anali osakwana 20. Wezulo uja sanalirenso, mwana amadumpha mpaka kutopa yekha, kagalimoto mzime wanga anakwera katatu motsatizana. Mu ola limodzi lomalizalo ana anga anasewera kuposa tsiku lonse, ndipo pobwerera onse anagona pamsana ndi pamiyendo tisanafike kunyumba.

Ulendo wachiwiri ndinasankha dala tsiku la mvula, pa 15 Januwale, holide ya John Chilembwe. Kunali mvumbi wa masiku atatu, mvula yamawawa ija yosagunda, yosakata, kumwamba kuli mbuu. Ndinati lero ndiye kulibe mzere, ndipo kunalibedi, ana onse pamodzi ndi anga anali 9. Koma ndinene chilungamo, si mvula yokha inachotsa anthu tsiku limenelo. Januwale kuno ku Kasungu ndi mwezi wouma m'thumba, fizi yangolipiridwa kumene, ndalama ina yapita ku feteleza wobereketsa, aganyu akufuna zawo za kupalira ndi kubandira, ndipo ambiri kuno ndalama yawo ili m'munda wa fodya, idzaoneka msika ukadzatsegulidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo. Olo kukanacha dzuwa sakanadzaza ngati pa Khrisimasi. Ndiye amene mukufuna malo opanda anthu, Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yanu kale, mvula imangowonjezera.

Vuto la tsiku la mvumbi ndi loti mzere kulibe koma choimira pamzere nachonso kulibe. Ma castle onse awiri anali opindidwa m'stolo, trampoline yonyowa yoterera anaitseka, akatungwe pansi pake panali zithaphwi zofika mu akakolo. Dziwe linali lotsegula poti kunalibe mphenzi, wachisamba wanga analowa koma mphindi 10 zokha anatuluka mano akugundana. Chotsala chinali timagalimoto tomwe anatilowetsa m'chisakasa atasuntha mipando, TV, ndi kupenta kumaso. Mnyamata wa wezulo uja anayesetsa, anasonkhanitsa anawo n'kuyamba kuwaseweretsa masewero akale aja oimba atagwirana manja mozungulira, anawapangira mpikisano wovina, mpaka mwana wanga wachiwiri amene ndi wamanyazi anavina nawo. Mnyamata ameneyu ali ndi mtima wa ana, eni malo amusunge bwino.

Koma pageti anatilipiritsa K5,000 yonse pa mwana, osatiuza kuti zinthu zambiri n'zotseka, tinakazionera mkati. Izi sizinandisangalatse ndipo ndinapempha kuonana ndi manijala. Ndinati achimwene, mwana walipira kuti adumphe, kudumphako kulibe, bwanji osadula mtengo pakati kapena kutipatsa kapepala koti tidzabwerenso tsiku lina? Iwo anayankha mwaulemu ndithu, anati mayi ndakumvani, koma antchito timawalipira chimodzimodzi kaya kugwe mvula kaya ayi, mafuta a jenereta ndi omwewo, ndipo mitengo amaika ndi abwana. Ndikumvetsa kuti bizinesi ya dzinja ndi yowawa, tsiku lonse ana 9 sungalipire nazo anthu. Komabe kungolemba pa bolodi pageti kuti lero castle ndi trampoline sizikugwira sikufuna ndalama, kholo lisankhe lokha kulowa kapena kubwerera. Ndikanauzidwa mwina ndikanalowabe poti ana anali atavala kale, koma ndikanalowa ndi mtima wina. Anatipatsa tiyi waulere ine ndi mayi wina amene tinali naye, zomwe ndinathokoza, ngakhale tiyiyo pa menyu palibe, anachita kukatenga kukhitchini ya lodge. Nalonso ndi ganizo, tsiku lozizira ngati limenelo bwanji osagulitsa tiyi ndi mandasi otentha m'malo mwa Fanta wa mu fuliji yekhayekha.

Nkhani ya mvula ndi mizereyi ndinawafotokozera achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, iwo anati mlongo, zimenezo n'chimodzimodzi ngakhale ku malo akuluakulu. Iwo amapita ndi ana awo ku Gold Reef City, paki ija inamangidwa pa mgodi wakale wa golide womwe unatsekedwa mu 1971, ndipo amati akafika pamenepo amakumbukira agogo athu omwe anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela. Kumeneko kuli zokwera zoopsa ngati Anaconda ndi Tower of Terror, ndipo mvula ya ku Johannesburg mu Disembala ndi Januwale imakonda kubwera masana ndi ziphaliwali ngati kuno. Kukayamba kung'anima zokwera zazitali zija zimaima, anthu amathamangira m'malo odyera ndi zina zam'nyumba mizere n'kusamukira kumeneko, ambiri amatopa n'kumapita, ndipo amene wapirira mpaka atsegulenso amakwera mosadikira. Iwo akuti amafika geti likungotsegulidwa, kuyamba ndi zazikulu m'mawa, zam'nyumba kusungira masana. Ndinaona kuti nzeru yake ndi imodzimodzi olo kwathu kuno kuli castle ziwiri zokha.

Ndiye ulendo wachitatu ndinatsatira zimenezo, ndipo ndi umene unakoma kuposa onse. Linali Loweruka mu Febuluwale. Lachisanu madzulo ndinamvera za nyengo pa wailesi ndi kuonanso pa tsamba la Facebook la nthambi yoona zanyengo, usiku mvula inagwa mpaka cha m'ma 9 m'mawa kenako kunayera. Nthawi ngati imeneyi makolo ambiri amakhala atauza kale ana kuti lero sitipita, ena akudikira zovala ziume, ena akuti tione kaye masana. Ife 10:30 tinali pageti, palibe mzere, mkati ana osapitirira 15 ndipo chilichonse chotsegula. Kapinga anali wonyowa koma anayala lona ndi masaka pakhomo pa castle kuti ana asalowe ndi matope, dzuwa linali lofatsa, pulasitiki ya castle sinkawotcha mapazi ngati pa Khrisimasi paja. Timagalimoto tonse titatu tinali todzaza chaji poti dzulo lake sitinagwire ntchito kwenikweni. Chipisi ndi nkhuku zinabwera mu mphindi 15, zouma bwino zotentha, apa ndinadziwa kuti wophika uja amatha, tsiku lija anangopanikizika.

Cha m'ma 1:30 anthu anayamba kulowa, kunabweranso gulu la birthday ana ngati 25 nthawi imodzi, wezulo anayambiranso ndipo mzere wa castle unafika mphindi 20. Ife apo n'kuti titakhuta masewero tikudya. Itakwana 3 koloko mitambo inayambanso kusonkhana, tinanyamuka mvula isanayambe, panja pageti tinagula chimanga chootcha chatsopano kwa mayi wina, ndipo tikulowa m'nyumba ndi pomwe inayamba kugwa. Ndinawamvera chisoni a birthday aja chifukwa keke anali asanadule ndipo anali atalipira malo. Amene mukufuna kupanga phwando la mwana dzinja lino, chonde liyambe 10 koloko m'mawa osati 2 koloko masana monga tinazolowera, ndipo mugwirizane nawo eni malo zisanachitike kuti kukagwa mvula chisakasa chikhala chanu mbali iti, mulemberane.

Pali zina zoti akonze zomwe mvula imaziika poyera. Njira yopita kuchimbudzi ndi dothi lofiira loterera, palibe olo njerwa zopondapo, mzime wanga anagwa pa ulendo wachiwiri uja zovala zonse matope. Kuseri kwa zimbudzizo madzi amadikha masiku ambiri, ndipo ino ndi nyengo ya malungo, udzudzu umaswana m'madzi oima ngati amenewo, ikamakwana 5 koloko umayamba kuluma ana m'miyendo. Ngalande imodzi ndi wilibala zingapo za mchenga zikhoza kuthetsa zimenezi. Kamsewu kolowera nako kakagwa mvula a njinga zamoto amakweza mtengo, ena amakana kulowa amakutsitsa pa tala, ndiye ngati muli ndi mwana wakhanda ganizirani zimenezo. Koma pa chinthu chimodzi ndiwayamikire. Pa Khrisimasi ndinaona waya wa magetsi wopita ku chimakina chopopa mpweya uli pansi pa kapinga, polumikizira pake atangokulunga ndi jumbo, ana akudutsa pomwepo opanda nsapato. Ndinawauza manijala tsiku lomwelo. Mu Febuluwale ndinapeza waya uja ataukweza pa mitengo, soketi ili m'kabokosi kotseka. Anthu omva akauzidwa ngati amenewa ndi osowa.

Zonyamula ngati mukupita nyengo ino, zovala zosinthira mwana aliyense, juzi, masokosi awiriawiri chifukwa pa castle salola nsapato ndipo sokosi ikanyowa mwana amaterereka, tawulo, jumbo yoikamo zonyowa, ambulera, ndi chitenje chapadera. Ndalama ina ikhale ya m'manja poti netiweki kukagwa mvula imavuta. Ndipo musanalipire pageti funsani kuti lero chikugwira ndi chiyani, ngati n'kotheka suzumirani nokha muone ngati castle yaima.

Pa 10 ndikuwapatsa 7. Atatu ndachotsawo ndi a mtengo wosasintha tsiku lomwe zinthu zatsekedwa, matope ndi madzi a kuchimbudzi, ndi chisakasa chopanda zotchinga m'mbali. Asanu ndi awiriwo ambiri ndi a anyamata aja amene amatulutsa ana kukagunda olo makolo akalipe. Tsiku la mvumbi sindidzapitanso pokhapokha atayamba kudula mtengo, pa Khrisimasi ndikadzapita ndiye ndidzafika 9 koloko kapena dala 4 koloko mvula itakata. Pa 3 Malichi tikufuna tipitenso ndi ana a mlamu wanga ochokera ku Santhe omwe sanaonepo jumping castle chibadwire, ndawauza kale kuti agone konkuno pa 2 kuti m'mawa tisadikire minibasi, ndipo masokosi ndawagulira kale pa kaunjika.